Maluwa a Kumanda

Stanislaus Mbewe anasamuka ku Chadiza chifukwa cha udzu. Ena amasamuka atakangana ndi abale, ena atatopa ndi kulozedwa chala, koma iye chinamunyamula ndi udzu basi. Kwawoko minda inali itameza madambo onse, moti ng'ombe zinkadyera m'mphepete mwa msewu ngati mbuzi. Atamva kuti kwa Nyalugwe, m'boma la Nyimba, kuli tsekera woti munthu akalowamo amangooneka chipewa, anamanga katundu, natenga mkazi wake Keziah ndi ng'ombe zake ziwiri, ulendo.

Ziwiri zokha, inde, ndipo musaseke. Yamphongo inali Kapitao, mfule wa nkhope yoyera, wodziwa mzere kuposa mwini wake. Yaikazi inali Mawanga. Ziwirizi ankazimanga pagoli limodzi, anthu n'kumamuseka kuti a Mbewe amalimitsa mzimayi pulawo. Iye ankangopitiriza kulima. Ankadziwa kuti khola lonse lomwe ankalilota linali m'mimba mwa Mawanga, ndipo chomwe ankapempha padziko lapansi chinali chimodzi: malo oti ng'ombeyo izidya udzu n'kumaswa.

Zaka zoyamba dambo la kwa Nyalugwe silinamunamize. Koma mbiri ya udzu siinafike kwa iye yekha. Kunabwera a ku Katete ndi ng'ombe zawo, kunabwera a ku Chipata, ndipo mvula inayamba kuchita ulesi, kubwera mochedwa n'kuchoka msanga. Ng'ombe zinadya udzu mpaka kumizu. Wotsalawo ankaumaliza osaka mbewa, amene chilimwe chilichonse ankayatsa dambo lonse pofuna kuona mauna. Pofika mwezi wa Okutobala pankatsala dothi lokhalokha, lakuda, lotentha kumapazi.

Pa dothi lamaliseche limenelo ndi pomwe chitsamba chija chinayamba kumera. Chinali ndi timinga ting'onoting'ono, masamba okhakhala a fungo lolasa m'mphuno, ndi timaluwa tofiira ndi tachikasu pamutu umodzi. Kukongola kokha ayi, chinakongola. Dzuwa likawotcha zonse, icho chinkakhala chobiriwira, chili ndi maluwa, chikubereka tizipatso takuda tonga mikanda. Za komwe chinachokera anthu sankagwirizana. Ena ankati chinabwera ndi dothi la okonza msewu, ena ankati munthu wina anachitenga kutauni kudzapangira mpanda. Koma komwe chinamanga mudzi aliyense ankadziwa, ndipo dzina lake m'mudzimo linali lomwelo: maluwa a kumanda.

Nkhani yake inali yosavuta. Maliro a m'chilimwe amasowa maluwa. Azimayi a mpingo, pofuna kuti mnzawo asagone pa dothi lopanda kanthu, ankathyola nthambi za chitsambachi, maluwa ndi zipatso zomwe, n'kuluka nkhata. Nkhatazo zinkatsala pamitumbira. Mvula ikagwa zinkamera, ndipo popeza kumanda sikupita nkhwangwa kapena moto, zinakula mwamtendere mpaka manda onse anasanduka chiyangoyango choti ngakhale galu sangadutse. Apumbwa, mbalame zokonda zipatso, ankadya zipatsozo m'mawa, masana n'kukachita chimbudzi kudambo. Amene ankaluka nkhata zokongola kuposa onse mumpingomo anali Keziah.

Stanislaus anachita zomwe mwamuna angachite. Anadula zitsamba za kudambo ndi chikwanje, ndipo pachitsa chilichonse panatuluka mphukira zambiri kuposa zomwe anadula. Anazitentha, moto n'kupha udzu wotsalawo, chitsamba n'kuphuka ngati achithirira manyowa. Anazula ndi khasu mpaka manja anachita matuza, koma akamazula kuno, apumbwa anali akudzala uko. Anzake ankamudutsa akupita kumowa n'kumufunsa ngati boma lamulemba ntchito.

Chaka chomwe mvula inadula mu Febuluwale, njala ya ziweto inafika msanga. Ng'ombe yokhuta imachinunkhiza chitsambachi n'kupitirira. Yanjala ilibe mwambo. Tsiku lina Stanislaus anapeza Kapitao ataima pansi pa mtengo, mutu uli pansi, osabzikula. Dzuwa ankalithawa ngati munthu wodwala mutu. Patapita masiku, maso anasanduka achikasu, ndipo khungu la pankhope yoyera ija linayamba kung'ambika n'kumasupuka.

Anaitana Vivian, mlangizi wa ziweto, yemwe anabwera panjinga yamoto fumbi lili m'maso. Mayiyo anatsegula chikope cha Kapitao, nayang'ana kudambo, kenaka anapukusa mutu.

“Ni lantana iyi, bambo Mbewe. Yaononga chiwindi. Sinjani makala, musungunule m'madzi, muimwetse. Muisunge mumthunzi. Koma sinizakunamizani, yafika patali.”

“Nanga mankhwala ophela chitsamba?”

“Aliko, koma dambo lonse ili? Na kumanda kuja? Mukapha pano, mbalame zizabweletsa futi. Ngati muli na kwina kopeleka yaikaziyi, pelekani. Ili na bele, siingapilile.”

Stanislaus anasinja makala, anamwetsa, anamanga chisakasa cha udzu wofolera womwe anasolola padenga la khitchini. Kapitao anafa Lachisanu masana, ntchentche zili pankhope. Atamusenda, nyama yake inali yachikasu mpaka mafuta, ndipo anthu omwe anabwera ndi mbale anabwerera nazo zopanda kanthu. Stanislaus analira. Analirira kuseri kwa khola, koma analira ndithu, misozi ya mwamuna wamkulu yomwe imatuluka movuta.

M'mawa mwake anapita kwa a Lazarous Nyendwa, mkulu wa adzukulu, amene ankatsogolera zokumba manda m'mudzimo. Anali munthu wofatsa, wokonda nthabwala, ndipo anamulandira bwino, namupatsa mpando. Stanislaus anafotokoza zonse: mbalame, zipatso, dambo, Kapitao. Anapempha kuti amuna a m'mudzi alowe kumanda tsiku limodzi ndi makasu, azule chitsambacho, achitenthe.

A Nyendwa anamvetsera mpaka kumapeto, akukanda chibwano.

“A Mbewe, vamene mwakamba navimva, ndipo ni vazoona. Na ine ng'ombe yanga inafa chaka chatha. Koma kuja tingaloŵe lini na makasu popanda malilo. Mizu ya chinthu chija yaloŵa m'mitumbila. Mukazula, muzula na dothi la pamutu pa munthu. Nizaŵauza chani ŵene ŵake?”

“Tingodula chabe pamwamba.”

“Imwe mwadula kudambo, chinafa?”

A Nyendwa anatsitsa mawu.

“Nikuuzeni monga mnzanga. Imwe ndimwe obwela, mulibe wanu ali gone kuja. Mukaoneka pafupi na manda na khasu m'manja, ŵanthu azakamba lini za ng'ombe. Azakamba vina. Mwanimva?”

Anamva. Munthu wopezeka kumanda yekha ali ndi dzina limodzi lokha, ndipo dzinalo likakumatirira silichoka ndi sopo.

Ukali womwe analephera kuutula kwa a Nyendwa anakautula kunyumba, monga amachitira amuna ambiri. Anapeza Keziah ali pamkeka ndi mulu wa nthambi zomwezo, akuluka nkhata ya mwana wina yemwe anamwalira kutsidya kwa mtsinje. Stanislaus anaukankha muluwo ndi phazi.

“Kapitao wafa dzulo, iwe uli kudzala zinanso?”

Keziah anali Mnsenga wa kufupi ndi Minga, ndipo sankaopa mawu a mwamuna. Anatola nthambizo modekha, namuitana ndi dzina la mwana wawo Hellen.

“Awisi Hellen, mwana wa ŵene akagone monga galu? Maluŵa a pulasitiki ni a ŵanthu a ku Lusaka. Ise tili na aya. Nipatseni ena, nileke.”

Analibe ena oti amupatse. M'dziko lonselo, mwezi umenewo, duwa linali limenelo basi. Anakhala pansi, nafotokoza bwinobwino tsopano, mopanda kukalipa, za tizipatso takuda tija. Keziah anamvetsera, kenaka anayamba kupulula zipatso pa nthambi iliyonse n'kumaziponya pamoto. Kuyambira tsiku limenelo nkhata zake zinali za maluwa okhaokha. Anayesa kuuza anzake a mumpingo, koma iwo anaseka, amvekere zipatsozo ndiye zimakometsa, ndiponso maliro sadikira munthu wopulula mikanda.

Keziah yemweyo ndi amene anaganiza za kwawo. Mlongo wake Josphat Mumba anali ndi khola kumudzi wina kufupi ndi Minga, m'boma la Petauke, ndipo dambo la kumeneko linali lisanaonepo chitsambachi. Stanislaus sanachedwe. Anatenga chilolezo kwa Vivian, anatsuka ziboda za Mawanga, anapesa mchira wake ndi zala kuti pasatsale kambewu, nayamba ulendo wapansi. Ankayenda m'mamawa ndi madzulo, masana n'kupumitsa ng'ombe pamthunzi. M'mbali mwa msewu waukulu chitsamba chija chinkamuperekeza, m'ngalande ndi pamilu ya dothi, ndipo iye ankakoka chingwe kuti Mawanga asatembenuze mutu. Atapatuka kulowera kumidzi chinayamba kuchepa, kenaka chinatha.

Dambo la kwa Josphat linali louma, koma linali dambo. Udzu unalipo, wofiirira, wofika m'mawondo, chifukwa anthu a kumeneko ng'ombe anali nazo zochepa ndipo ankatentha mochedwa. Stanislaus sanakhulupirire maso ake. Asanamwe n'komwe madzi analizungulira lonse, akuwerama pa chitsamba chilichonse, kufikisa masamba n'kununkhiza. Anafika mpaka kumutu kwa dambo, komwe kunali manda a mudziwo, naima patali n'kusuzumira. Munali misuku ndi mitengo ina yakale, pansi pali mbee. Anabwerera akuseka yekha ngati wamisala.

“Mulamu, mwataya chani m'dambo mwathu?” anafunsa Josphat.

“Palibe. Ndiye chomwe ndakondwela nacho.”

Apongozi ake, amai Rosemary, anali atakalamba ndipo ankadwaladwala. Stanislaus anawapatsa moni monga mwa mwambo, atanjuta chapatali, nkhope atalozetsa kumbali. Pa zaka zonse za ukwati wake anali asanawayang'anepo m'maso kapena kudya nawo mbale imodzi, ndipo ankawalemekeza kwambiri. Gogoyo analankhula ali kuseri kwa chitseko, kuti ng'ombe ya mkamwini ndi ng'ombe ya pakhomo, idye mpaka iswe.

Anabwerera kwa Nyalugwe mtima uli m'malo koyamba chaka chimenecho. Munda adzalima ndi khasu, zilibe kanthu. Mawanga akaswa, mwina thole lidzakhala lamphongo, ndipo pakapita zaka goli lidzadzazanso. Anayamba kuganiza zopempha malo kwa alamu ake kuti asamukire komweko. Kukhala chikamwini atamera imvi kunali kochititsa manyazi, koma manyazi sapha ng'ombe.

Uthenga unafika pafoni chakumayambiriro kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Amai Rosemary anamwalira m'tulo. Keziah anagwa pansi pomwe anaimapo. Iye ndi mwamuna wake ananyamuka tsiku lomwelo, osatenga kanthu koma zovala, ndipo anzawo a mumpingo analonjeza kuti adzawatsatira tsiku loika.

Pamaliro a apongozi mkamwini sakhala pansi. Stanislaus anawaza nkhuni, anatunga madzi pangolo, anasenda mbuzi, anathandiza kukhoma bokosi. Mpata ukapezeka ankathamangira kukhola. Mawanga anali atanona, mimba ili uko, khungu likuwala. Ankamusisita pamphumi n'kubwerera ku ntchito, ndipo ankadziimba mlandu kuti mtima wake ukukondwa pa tsiku la chisoni.

Tsiku loika, bokosi litatsala pang'ono kunyamulidwa, kunamveka nyimbo kumsewu. Inali lole yodzaza ndi azimayi a mpingo a kwa Nyalugwe, atavala zitenje zofanana, fumbi lili m'mipango. Anali atasonkherana okha kuti abwere kudzalira ndi mnzawo. Keziah atawaona anayambiranso kulira, ndipo anthu a m'mudzimo ananong'onezana kuti mwana wawo amakhala bwino ndi anthu kumene anakwatiwako.

Stanislaus anali atasenza mtolo wa nkhuni pamene azimayiwo anayamba kutsika. Woyamba anali Jennipher, mtsogoleri wawo, mayi wa mtima wabwino yemwe anagona kwa Keziah sabata yonse pamene Hellen ankadwala. M'manja mwake munali nkhata yaikulu, yofiira ndi yachikasu. Wachiwiri analinso ndi yake. Wachitatu chimodzimodzi. Anali ataluka dzulo lake mothamanga, ndipo tizipatso takuda tinali lendelende pa nkhata iliyonse.

Mtolo uja unagwa wokha. Anathamangira kwa Josphat, namukokera kuseri kwa nyumba.

“Alamu, maluwa awo asalowe kumanda. Ndi omwe anapha Kapitao. Akamela kuja, dambo lanu latha.”

Josphat anali ndi maso ofiira, wosagona masiku angapo. Anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

“Mulamu, ŵanthu achoka kutali, alipila motoka, kubwela kuzalemekeza amama. Niŵauze kuti tayani maluŵa yanu? Pamenso pa mudzi wonse?”

“Tingochotsa zipatso chabe. Sizitenga nthawi.”

“Bokosi lanyamuka. Tizakamba mailo, malilo akatha.”

Bokosi linali litanyamukadi. Stanislaus analowa mumzere wa amuna, miyendo ikuyenda yokha. Njira ya kumanda inkadutsa m'mphepete mwa dambo, ndipo azimayi ankayenda akuimba, nkhata zikugwedezeka m'manja. Iye ankayang'ana pansi. Apa ndi apo, m'fumbi la njira, munali kambewu kakuda. Koyamba anakaponda n'kukafikisa ndi chidendene. Kachiwiri anawerama n'kutola. Atatola kachitatu anaona mkulu wina wa m'mudzimo akumuyang'ana, kuyang'ana dzanja lake, kuyang'ananso nkhope yake. Mkamwini wotola tinthu m'njira ya maliro a apongozi ake. Anatsegula dzanja, tizipatso tija tinagwa, ndipo anapitiriza kuyenda.

Kumanda zonse zinayenda mwa dongosolo. Anapemphera, anatsitsa bokosi, adzukulu anakwirira n'kuumba mtumbira wa dothi lofewa, lofukulidwa kumene, loti mlimi aliyense akanalisirira. Kenaka woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata, kuyambira ana a malemu.

Jennipher anapereka nkhata yaikulu ija kwa Keziah. Keziah anailandira ndi manja awiri, ndipo apo ndi pomwe anaiona bwino. Stanislaus anaona zala zake zikufika pa tsango la zipatso n'kuima. Mkaziyo anadzutsa mutu, namufunafuna pakati pa amuna mpaka anamupeza. Anayang'anana. Nkhope yake inali yotupa ndi kulira, kumbuyo kwake kuli anzake omwe anabwera pa lole, kutsogolo kuli amake. Stanislaus akanatha kupukusa mutu, pang'ono pokha, ndipo Keziah akanamva. Sanathe. Anagwetsa maso.

Keziah anagwada, naika nkhatayo kumutu kwa mtumbira. Ena anatsatira, mpaka dothi lonse linabisika. Nthambi zotsala azimayi anazizika m'mbali kuti mphepo isaulutse nkhata. Anthu a m'mudzimo anali asanaonepo manda okongola chotero, ndipo mayi wina anafunsa Jennipher monong'ona ngati maluwawo amamera msanga, chifukwa ankafuna kukadzala pa manda a mwamuna wake.

Woyendetsa mwambo anaitananso: “Akamwini.”

Wina anamuika kanthambi m'manja. Stanislaus anayenda, mudzi wonse ukumuyang'ana, nagwada pa manda a mayi yemwe anati ng'ombe yake idye mpaka iswe. Kanthambiko kanali ndi zipatso zakupsa. Anakaika pamwamba pa zinazo, naimirira.

Mkulu wa adzukulu analengeza kuti mwambo watha, onse atuluke, ndipo asapezeke wobwerera m'mbuyo. Ali m'njira, mphepo inatembenuka, kunamveka fungo la dothi, ndipo madontho akuluakulu anayamba kugwa. Azimayi anasintha nyimbo. Amuna ankauzana kuti gogoyo anali munthu wabwino, taonani wasiyira ana ake mvula.

Stanislaus anatsalira pang'ono pomwe njira imakhudza dambo. Chisoni chomwe anali nacho sichinali cha maliro okha, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe woti angamuuze. Mawanga anali chapafupi, akudya, mvula ikutsetsereka pamsana pake. Atamuona mwini wake anadzutsa mutu, udzu uli kukamwa. Kumbuyo, m'misuku ya kumanda, apumbwa anali atayamba kale kuitanizana, ndipo mmodzi anatsika.

“Mulamu, tiyeni mukasambe m'manja,” anaitana Josphat.

Stanislaus anapita.